Tagi ya Ulusi Wofiira

Nyumba ya a Blackson ku Cato Manor, mumzinda wa Durban, inali ya malata ngati zinzake, yothinana ndi za aneba moti wina akayetsemula kuseri kwa khoma, a Enelesi ankayankha kuti pepani. Koma inali nyumba yabwino. A Blackson anali telala, ndipo makina awo osokera ankayamba kulira m'mawa pemphero likangotha. Akazi awo, a Enelesi, ankagwira ntchito yapakhomo kwa banja lina ku Queensburgh, ndipo zaka zonse zimene anakhala kumeneko sipanasowe ngakhale supuni.

A Blackson anali ndi khalidwe limene makasitomala ankawaseka nalo. Akamaliza kusoka diresi, tinsalu totsala ankatikulunga m'pepala pamodzi ndi batani lililonse lotsala, n'kupereka kwa mwini wake.

"Eish, a telala, timeneti ndikachite nato chiyani?" amayi ena ankatero.

"Mukatitaye nokha, mayi. Ndi tanu."

Mwana wawo Joel anakula akuona zimenezi. Anabwera ku Durban ali wamng'ono, ndipo Chizulu ankachilankhula ngati wobadwira ku Umlazi. Chichewa ankachisiya pakhomo ngati mmene ambiri a ife timachitira, kuopa maso a anthu m'takisi. Atakula anapeza ntchito ya mashifiti m'nyumba yosungiramo katundu ku doko. Sankamwa, sankasuta, ndipo tinene zoona, anali mnyamata wosangalatsa kukhala naye. Chimene ankachikonda ndi ulendo. Anzake akalandira ankathamangira nsapato zatsopano, iye ankanyamula kachikwama ka kumsana, buledi, botolo la madzi ndi jekete limodzi lomwe pogona linkasanduka pilo, n'kupita kukaona matauni ang'onoang'ono amene munthu sangawapitire dala. Ankadziwa takisi yotchipa, ankadziwa kugona pabenchi, ankadziwa kucheza ndi munthu aliyense. Mphatso imeneyi anali nayo ndithu.

Vuto linalowa ndi Duncan, mnzake wa ku doko.

"Chithunzi aliyense amajambula, bru," anatero Duncan tsiku lina. "Munthu woyenda weniweni amatolapo kanthu pamalopo. Kanthu koti wina aliyense alibe."

Joel anayamba ndi mwala wa mumtsinje. Ulendo wotsatira anabwera ndi kabotolo ka mchere ka m'lesitilanti. Kenako kiyi wa chipinda cha nyumba ya alendo. Kenako kabelu kakang'ono ka m'tchalitchi china cha kumapiri. Zonsezi ankazindandalika pashelefu pamwamba pa bedi lake, ndipo Duncan ankabwera kudzaziyamikira ngati zikho za mpira.

Tsiku lina a Enelesi akupukuta fumbi anakagunda kabeluko, kanalira.

"Joel, aka wakatenga kuti?"

"Ndatola, amayi."

"Watola pansi?"

"Patebulo."

"Cha patebulo chili ndi amene anachiikapo, mwana wanga."

A Blackson anaimitsa makina. Sanali munthu wokalipa, ndipo mwina n'chifukwa chake Joel sankawaopa mokwanira.

"Timatola chinthu chotayika," anatero, "ndipo ngakhale chimenecho timafunsa kaye kuti n'cha ndani. Zimene ukuchitazi zili ndi dzina lake. Dzinalo ukulidziwa, ukungolizemba."

"Ababa, ndi tinthu topanda ntchito. Palibe amene akulira chifukwa cha kabotolo ka mchere."

"Iweyo ndiye umadziwa ntchito ya chinthu cha mwini?"

Joel anaseka, n'kuwapsompsona amayi ake pachipumi, nkhani n'kuthera pomwepo. Kabelu kanakhalabe pashelefu.

M'mwezi wa June anapeza Lachisanu lopuma, ndipo anasankha kupita ku KwaMlotha, katauni ka mgodi wa malasha chakumpoto. Magalimoto a malasha ankawaona tsiku ndi tsiku akulowa ku doko ali bii, ndipo ankafunitsitsa kuona kumene amachokera. Duncan anayenera kupita naye, koma anamuika pa shifiti ya Loweruka.

"Sharp, pita wekha," anatero. "Koma usabwere chimanjamanja."

Takisi inachoka ku Durban kukutentha. Itadutsa Pietermaritzburg mphepo inayamba kuluma. Minda ya nzimbe inatha, kunabwera udzu wofiira ndi mapiri opanda mitengo. Joel anasintha takisi ku Ladysmith, n'kukwera ina yokalamba yomwe chitseko chake ankachimanga ndi waya, ndipo dzuwa likupendeka anatsika ku KwaMlotha.

Tauniyo inali msewu umodzi basi: sitolo, butchala, tchalitchi, malo othirira mafuta, ndi njanji pomwe mabogi a malasha anandandalika kudikira sitima. Kuseri kwake kunali mulu wakuda waukulu ngati phiri, ndipo lamba wa makina ankalavulira malasha pamwamba pake osapuma. Fumbi linali paliponse, pamasamba, pamawindo, ngakhale nkhosa zinali zotuwa. Koma Joel anaima chilili n'kugoma. Pazingwe panali malaya oyera mbee. Makonde anali opakidwa polishi wofiira. Wezulo ya kumgodi italira, msewu unadzaza amuna ndi akazi a maovolosi, zipewa zolimba zili m'manja, akuyenda mwa anthu otopa koma osagonja, ndipo aliyense ankapatsa mnzake moni pomutchula dzina. Ku Durban munthu ukhoza kugwa pamsewu anthu n'kumakulambalala. Kuno anamupatsa moni anthu ambiri asanafike n'komwe pasitolo.

Nyumba ya alendo inali imodzi yokha, ndipo inali itadzaza ndi anthu okonza makina a mgodi. Joel anatuluka panja, mphepo ikumulowa m'mafupa, ndipo anadziiwala.

"Kalanga ine, ndigona kuti tsopano?" anadandaula mokweza m'Chichewa.

Pabenchi ya pasitolo panakhala bambo wina wachikulire wa chipewa cha ulusi, akusenda lalanje. Anatukula mutu.

"Wa kuti iwe, mwana wa kwathu?"

Joel anadzidzimuka, n'kuyankha m'Chizulu mwachizolowezi. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Usabise, ndakumva kale. Kuno sitibisa. Pansi pa nthaka denga likamagwa silifunsa kuti uyu ndi Mzulu, uyu Msutu, uyu Mchewa, ndiye kumtunda kunonso tinasiya kufunsana. Ine ndine Grain, wa ku Ntcheu. Nyamula chikwama chakocho."

A Grain anabwera ku mgodiwo ali mnyamata, ndipo anakumba malasha mpaka chifuwa chinawakana. Abwana anawasamutsira kumtunda, kuchipinda cha nyali, kumene anthu amatenga nyali zawo asanalowe pansi. Akazi awo anamwalira kalekale. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, Edda, m'kanyumba ka njerwa komwe mbaula ya malasha sinkazima nyengo yonse yozizira.

Edda anali mayi wamtali, wa mapewa otambalala ndi kuseka kogwedeza makapu. Ngakhale anali atasamba, m'mbali mwa maso ake munatsalira kamzere kakuda ngati wadzikongoletsa dala. Ntchito yake inali yoyang'anira mapampu a madzi kumapeto kwenikweni kwa mgodi, kumene anthu ena safikako kawirikawiri.

"Simuopa, achemwali?" anafunsa Joel akudya nyemba ndi ujeqe, buledi wophika panthunzi amene Edda anaphunzira kwa aneba.

"Kuopa ndimaopa, nanga ndine mwala? Koma kumeneko sumakhala wekha ngakhale uli wekha. Kumtunda amakhala akudziwa kuti uli kuti." Kenako anatembenukira kwa bambo ake. "Ababa, mawa ndikatuluka sindibwera kuno. Ndipita ku msonkhano wa amayi a mpingo ku tauni inayo, yunifomu ndaika kale m'chikwama. Mudzandiona Lamulungu madzulo."

"Ukaimbe bwino, usakatichititse manyazi," anatero a Grain, nkhope ikuwala ndi kunyada.

Joel anagona pamatiresi pafupi ndi mbaula, atafunda bulangete la Edda yemwe. Anagona akuganiza kuti m'maulendo ake onse sanaonepo anthu ngati awa.

Kutacha anapeza onse awiri atapita kale kuntchito. Anayendayenda m'tauni, anakwera kamtunda kukaona sitima ikudzazidwa, anacheza ndi amayi ogulitsa nyama yootcha, ndipo chakumasana ananyamula fulasiki ya tiyi imene a Grain anaiiwala patebulo n'kupita nayo ku geti la mgodi. Mlendo saloledwa kudutsa pamenepo. Koma a Grain anatuluka n'kumunyengerera mlonda.

"Ndi mdzukulu wanga uyu, wachokera ku Durban. Angoona nyali basi, ndili naye ine."

Chipinda cha nyali chinali chaukhondo kuposa chipatala. Nyali zinali m'mizere pamashelefu, zina zikudya moto, mipata ina ili yopanda kanthu chifukwa eni ake anali pansi kapena nyalizo zinali pabenchi kudikira kukonzedwa. Koma chimene chinamukoka Joel ndi bolodi yaikulu ya pakhoma pafupi ndi khomo lolowera kumgodi. Inali ndi misomali yambirimbiri, ndipo pamisomali ina panalendewera tizitsulo ta mkuwa tozungulira, chilichonse chili ndi nambala yake.

"Amenewa ndi matagi," anatero a Grain, mawu awo atasintha ngati alowa m'tchalitchi. "Munthu akamalowa pansi amakoleka tagi yake apa. Akatuluka amaichotsa yekha, ndi dzanja lake. Ya mnzako sukhudza, ngakhale utakhala bwana wamkulu. Bolodi ikayera, ndiye kuti onse atuluka. Ngati lero Loweruka, timatseka mpaka Lolemba. Koma patsale imodzi yokha, palibe amene amapita kunyumba."

"Ngakhale imodzi?"

"Chaka china mnyamata wina anatuluka n'kuiwala kuchotsa yake. Shifiti yonse inabwerera pansi, anthu otopa, anjala, kukwawa m'makona onse kumuitana. Tinakamupeza ku shabini akuvina." A Grain anaseka. "Anamutukwana, eya, mpaka makutu anamuwawa. Koma palibe amene anadandaula kuti tamufunafuna pachabe. Kachitsulo aka ndi munthu, mwana wanga."

Joel anamva zonsezi, ndipo zinamukhudza mtima. Tisamunamizire kuti sanamve.

Nthawi yomweyo foni yake inanjenjemera. Anali Duncan, uthenga wa mawu: "Wapeza chiyani, bru? Usandibweretsere khala la malasha ngati mwana wasukulu. Ndikufuna chinthu chenicheni cha mumgodi."

A Grain anali atawerama pabenchi, akulimbana ndi waya wa nyali. Joel anayang'ana bolodi. Pakona yakumunsi panali tagi yowala kuposa zonse, yopukutidwa bwino, yomangidwa kaulusi kofiira pabowo pake. Mtima unamuuza kuti asiye. Koma anali atazolowera kuuyankha mtimawo, ndipo yankho linabwera lokha: mwini wake akatuluka adzangoti yagwa, adzamupatsa ina, ndi kachitsulo chabe. Anatambasula dzanja. Tagi inalowa m'thumba osalira n'komwe.

Masana a Grain anasiyira chipindacho mnzawo wa shifiti yomaliza, n'kumuperekeza Joel ku renki, pokwerera matakisi. Anamugulira amagwinya, mandasi a kumeneko, oti adye panjira. Takisi itatsala pang'ono kudzaza, anatulutsa m'thumba la jasi kanthu kokulunga m'nyuzipepala.

"Munthu woyenda amafuna chikumbutso," anatero. "Khala ili ndinalikumba ndekha tsiku langa lomaliza pansi. Tenga. Ukawauze bambo ako kuti analera bwino."

Joel analandira ndi manja awiri. Thumba lakumanja linkamutentha ngati muli moto, koma anangothokoza n'kukwera.

Lamulungu m'mawa, banja likukonzekera za kutchalitchi, Duncan anafika kudzaona katundu. Anaitembenuza tagiyo m'manja, akuimba mluzu.

"Iyi ndiye yeniyeni. Wandiposa, bru."

Foni ya Joel inalira. Anali a Grain.

"Mwana wanga, pepa kukuvutitsa. Dzulo uli pa renki paja, kapena m'njira, sunamuone Edda? Amayi a mpingo andiimbira kuti sanafike, ndipo ndi iye amayenera kutsogolera nyimbo. Foni yake sikupezeka. Ndathamangira kumgodi, mnzanga uja akuti bolodi inayera dzulo, anatseka. Ndayang'ana ndekha ndi maso angawa. Tagi yake palibe, ija ya kaulusi kofiira. Ndiye kuti anatuluka. Koma analowera kuti? Ndikupita kupolisi, mwina zigawenga zamugwira panjira."

Joel anayang'ana m'manja mwa Duncan. Kaulusi kofiira kanali lende pakati pa zala zake. Anadziwa pomwepo kuti Edda akanatuluka, akanafunsa za tagi yake, ndipo wa m'chipinda cha nyali akanakumbuka. Edda sanatuluke.

"Joel? Ukundimva?"

"Sindinawaone, agogo," anatero. "Pepani."

Foni itaduka, Duncan, amene anamva zonse, anamuponyera tagiyo pachifuwa ngati yamuotcha.

"Kaiponye mumtsinje wa Umkhumbane, pompano. Ukayankhula wamangidwa. Ndipo suli wekha, ganiza. Anthu akamva kuti Mmalawi watsekera munthu mumgodi, nyumba zingati za kwathu zipsa? Makina a bambo akowa adzatsala? Mwina mayiyo ali kwa chibwenzi. Khala chete, bru. Ine sindinaone kanthu."

Anatuluka osatsanzika.

Mumtsinje Joel sanaiponye, koma kukamwa sanatsegulenso. Anavala malaya oyera, anaika tagi m'thumba, n'kutsatira makolo ake. Mpingo wawo unkasonkhana m'kalasi ya sukulu ina, chitseko chotseka, kuti aimbe Chichewa momasuka. Joel anakhala pa desiki ya kumbuyo. Anaimirira ena ataimirira, anakhala ena atakhala. Nyimbo yoyamba inatha, mapemphero anatha, ulaliki unayamba n'kutha, iye akudziuza kuti mwina Duncan akunena zoona, mwina foni ilira kuti wapezeka. Kutenga tagi kuja kunali kupusa kwa kamphindi. Koma kukhala chete kwa m'mawa umenewu kunali kosankha, ndipo ndi kumene kumandiwawa kwambiri m'nkhani yonseyi.

Chakumapeto amayi a mpingo anaimirira kuti aimbe, atavala mayunifomu awo oyera, a Enelesi ali pakati. Amene ankatsogolera anali mayi wamtali wa mawu aakulu. M'maganizo mwake Joel anangoona yunifomu ina yopindidwa bwino m'chikwama, ikudikira mwini wake. Anadzuka n'kuthamangira panja.

A Blackson anamupeza kuseri kwa kalasi atagwira khoma.

"Wadwala?"

Joel anatambasula chikhatho. Anafotokoza zonse mothamanga, za a Grain, za bolodi, za foni ya m'mawa.

"Ababa, ine ndinangotola..."

"Nena bwino."

Joel anagwa m'maondo pafumbi.

"Ndaba, ababa. Ndinaba. Ndipo m'mawa uno ndanama."

A Blackson sanataye nthawi ndi kukalipa. Anatenga foni m'thumba la mwana wawo, anaimba nambala ya a Grain, n'kumugwiritsa m'dzanja.

"Uwauze wekha. Ndi pakamwa pako."

Zimene zinachitika ku KwaMlotha Joel anazimva pambuyo pake. A Grain atangomva anataya foni n'kuthamanga ndi chifuwa chawo chofookacho mpaka ku geti. Wezulo inalira tsiku la Mulungu, ndipo tauni yonse inatuluka. Amuna anachoka m'matchalitchi ndi masuti, ena anasiya nyama pamoto, n'kukavala maovolosi. Palibe amene anafunsa kuti wotsekeredwayo ndi wa mtundu wanji. Gulu lopulumutsa anthu linalowa pansi, ndipo ena onse anaima pakhomo la mgodi kudikira, amayi akuimba.

Anamupeza kumapampu. Chimwala chinagamphuka kudenga Loweruka lija shifiti itatsala pang'ono kutha, n'kumupana mwendo. Nyali yake inali itazima kalekale, madzi anali atamufika m'chiuno, koma anali moyo, akumenyabe paipi ndi sipanala. Atamutulutsa, anthu analira ndi chimwemwe. Ku chipatala madokotala anayesetsa, koma mwendo unali utapanidwa nthawi yaitali. Anaudula pamwamba pa bondo. Mmodzi wa iwo anauza a Grain kuti akanafika naye m'mawa, mwina akanaupulumutsa.

Palibe nyumba ya Mmalawi imene inapsa, ku KwaMlotha kapena ku Cato Manor. Mantha amene Duncan anamuopseza nawo anali chabe chofunda cha bodza, ndipo Duncan yemweyo anasintha nambala ya foni sabata isanathe. Koma zina zonse zinagwa. A Grain anachotsedwa ntchito chifukwa cholowetsa mlendo m'chipinda cha nyali, atatumikira mgodiwo moyo wawo wonse popanda banga. Joel anatengedwa ndi apolisi, mlandu unakoka miyezi, ndipo ntchito ya ku doko inathera pomwepo. A Enelesi anaonda. Makina a a Blackson ankalirabe m'mawa uliwonse, koma mwini wake anasiya kuimba nyimbo posoka.

Mlandu utatha, apolisi anaibweza tagi ija kwa Joel kuti akaipereke kwa mwini wake. A Blackson anavala jekete lawo la ku tchalitchi n'kukwera naye takisi.

KwaMlotha inali momwe anaisiyira. Lamba ankalavulabe malasha, malaya oyera anali pazingwe, makonde ali psuu. Anthu m'misewu anamuzindikira. Sanamutukwane, sanamuponye mwala. Anangosiya kumupatsa moni, ndipo m'tauni ngati imeneyo palibe chilango chowawa kuposa pamenepo.

Edda anali pakhonde, ndodo zoyendera zitatsamira khoma, akusenda mbatata. Kamzere kakuda ka m'maso kaja kanali katatha. A Grain anatuluka m'nyumba, ndipo ataona alendowo anatulutsa mipando iwiri, chifukwa ulemu wawo sunachotsedwe ntchito. Joel sanakhale pampando. Anagwada pasimenti.

"Achemwali, ndinaba tagi yanu. Agogo atandiimbira, ndinanama. Ndilibe choti ndinganene chokwanira."

Edda anaika mpeni pansi.

"Ukudziwa, chimwala chitandigwera sindinaope kwambiri," anatero. "Ndinadziuza kuti tagi yanga ili pabolodi, palibe amene apite kunyumba. Nyali itazima ndinkaimba, ndikumvetsera mapazi. Ndinkati akubwera, angochedwa ndi njira. Sindinakayike ngakhale pang'ono, Joel. Ndinkawadziwa anthu anga."

Joel analira ngati mwana. A Blackson anavula chipewa n'kuweramitsa mutu.

"Kukhululuka ndakukhululukira," anapitiriza Edda. "Sizinabwere msanga, ndipo masiku ena ndimayambiranso. Koma unalankhula, mochedwa momwemo, ndipo ndili moyo. Ukanakhala chete mpaka Lolemba, bwenzi ababa akukupatsa moni ali okha."

Joel anatulutsa tagi, n'kuipereka ndi manja awiri. Kaulusi kofiira kanali kakadalipo. Edda sanatambasule dzanja.

"Sunga," anatero. "Ine pansi sindidzapitanso. Si chikumbutso unkafuna?"

Miyezi yotsatira Joel anayendanso maulendo, ndi kachikwama komweko ndi jekete lomwelo, koma ulendo uno wobweza. Anabweza kabelu kutchalitchi cha kumapiri, kiyi ku nyumba ya alendo, ngakhale kabotolo ka mchere, ndipo paliponse ankanena liwu lija limene ankalizemba. Ena ankaseka, ena ankakwiya. Mayi wa kunyumba ya alendo anamuuza kuti mtsikana wokonza m'zipinda anachotsedwa ntchito chifukwa cha kiyi ameneyo. Joel anali asanaganizepo kuti kiyinso anali ndi munthu kumbuyo kwake.

Lero amathandiza bambo ake kusoka, ndipo tinsalu totsala amatikulunga m'pepala popanda womuuza. Pashelefu pamwamba pa bedi lake patsala zinthu ziwiri: khala la malasha limene anapatsidwa ndi chikondi, ndi tagi ya mkuwa imene anaba.

Inu achinyamata, tchimo likafuna kulowa m'nyumba yabwino limayamba lasintha dzina. Kuba kumadzitcha kutola, ndipo mtima ukazolowera dzina latsopanolo sumvanso chenjezo la makolo kapena la Mulungu. Musatenge chinthu cha mwini chifukwa chikuoneka chaching'ono, pakuti simudziwa chimene chikulendewera pa icho. Ndipo mukalakwa, ululani nthawi yomweyo, musadikire kuti mapemphero athe. Mulungu anamukhululukira Joel, Edda nayenso anamukhululukira, koma mwendo uja sunamerenso.